Chiwongolero chikamagogoda m'misewu ya ku Diamphwe: kusintha mabushi a rack pakhomo

Mvula ikangokata kuno kummwera kwa Lilongwe, mapikapu amene anagona m'zigafa dzinja lonse amadzuka. Ena amasomba mabelo a fodya kupita ku Kanengo, ena soya ndi mtedza wopita kumsika wa Mitundu, ena amatuluka m'madimba a m'mphepete mwa mtsinje wa Diamphwe atasenza tomato ndi kabichi kukakwera M1 cha ku Nathenje. Misewu yake ndi ija mvula inasiya itakumba ngalande, ngolo n'kupondamo mizere imene yauma gwa. Sipatenga nthawi madandaulo asanayambe: kunsi kukugogoda, galimoto ikuyendera mbali, matayala akutsogolo akudyeka mopenda. Ambiri amathamangira kugula rack end kapena rack yathunthu, pamene cholakwa chili timphira tochepa timene tagwira rack ku chasisi.

Kodi mabushi amenewa ali pati, ndipo ntchito yawo n'chiyani?

Mukasuzumira pakati pa matayala akutsogolo muona chitsulo chachitali chopingasa, chovala mabuti amphira opindikapindika mbali zonse ziwiri. Imeneyo ndiyo rack. M'kati mwake muli ndodo yachitsulo ya mano. Mukapotoza chiwongolero, kagiya kakang'ono kamakankha ndodoyo kumanja kapena kumanzere, nayo imakankha matayala kudzera pa rack end ndi tie rod end.

Kuti ndodoyo ikankhe tayala, thupi la rack liyenera kuima nji. N'chifukwa chake limamangidwa ku chasisi ndi mabauti akuluakulu, ndipo pakati pa bauti ndi thupilo m'pamene pamakhala mabushi. Amameza kunjenjemera kwa msewu kuti kusakufikeni m'manja, komanso amagwira rack kuti isayende. Akatha, rack yonse imayamba yasuntha kaye, tayala n'kumvera pambuyo. Kuchedwa kumeneko ndi kumene kumachititsa kuti pa M1 muzingowongolera osapuma, galimoto ili pamsewu wowongoka bwinobwino.

Yanga ndi 4x4. Ndiye kuti ili nawo?

Osati iliyonse. Land Cruiser 70, zija timaziona kawirikawiri ngati maambulansi, zilibe rack. Zili ndi steering box. Chimodzimodzi Land Cruiser 80 ndi 105, ndi ma Hilux a 4x4 akale monga LN106. Okhala ndi rack ndi Prado kuyambira pa 90 ya 1996, Hilux Surf 185, Land Cruiser 100 ya mawilo akutsogolo oyenda palokhapalokha, Hilux ya Vigo ya cha m'ma 2005 ndi zobwera pambuyo pake, ndi Pajero ya m'badwo wachitatu kupita m'tsogolo. Ngati simukuona mabuti opindikapindika aja, nkhaniyi si yanu. Pa steering box kugwedera kumafunidwa malo ena.

Ndidziwa bwanji kuti ndi mabushi, osati rack end kapena ball joint?

Apa m'pamene ndalama zimapulumukira kapena kutayikira, ndiye musafulumire.

Pamafunika anthu awiri. Galimoto iime pamatayala ake pamalo athyathyathya, handibuleki yokoka, miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala akumbuyo. Injini ikhale yozima, koma kiyi atembenuzidwe pang'ono kuti chiwongolero chisakiyike. Mnzanuyo azigwedeza chiwongolero uku ndi uku mwamphamvu koma mosapita patali, inu muli pansi ndi tochi. Musayang'ane matayala. Yang'anani thupi la rack pamene lakhudzana ndi chasisi. Bushi yabwino imangofinyika pang'ono zedi n'kubwerera. Yakutha imalola rack yonse kudumpha cham'mbali, nthawi zina ndi kaphokoso kakuti gu, gu. Ngati maso akukunyengani, lembani mzere wa choko wodutsa pa rack mpaka pachasisi, muone ngati mzerewo ukuduka mnzanu akagwedeza.

Rack ikapezeka kuti yaima nji, funani kwina. Kwezani tayala limodzi, muligwire kumanja ndi kumanzere n'kuligwedeza: likamayankha ndi kagogodo, gwirani tie rod end ndi dzanja, kenako finyani buti pamene pali rack end, mumva chimene chikusewera. Kuligwira pamwamba ndi pansi kumaulula ball joint kapena beringi. Nawo mabushi a stabilizer ndi timikono take amagogoda mofanana kwambiri pamabampu, ndipo anamiza anthu ambiri.

Eni Prado 90 ndi Surf 185, poti mwagona kale pansipo, onaninso ball joint yam'munsi. Pagalimoto zimenezi imadziwika kuti ikatha imatha kuzuka, tayala n'kupindikira m'kati galimoto ikuyenda. Mabushi angadikire sabata, imeneyo ayi.

N'chifukwa chiyani kuno amatha msanga?

Msewu uli ndi mbali yake, makamaka njira zolowera ku Dzalanyama ndi zodutsa m'madambo, kumene tayala limamenya mwala kapena mzere wa ngolo ndipo nkhonya yonse imathera pa rack. Katundu wopitirira muyeso ndi matayala akuluakulu kuposa amene galimoto inabwera nawo zimawonjezera. Kulinso chizolowezi chija cha munthu akatitimira m'makande, kupotoza chiwongolero mpaka kumapeto n'kumachikanikiza pompo, pampu ikulira. Mphamvu yonse ya power steering pamenepo ikukankha tayala lomwe lagwidwa ndi matope, ndipo chimene chikulandira ndi mabushi.

Koma mdani wamkulu ndi oyilo. Mphira ndi oyilo sizigwirizana. Oyilo wa injini akamadontha kuchokera pamwamba, kapena mafuta ofiira a power steering akamatuluka papaipi, bushi imamwa, imatupa, kenako imafewa ngati mkute woviika m'madzi. Mukaichotsa imangonyenyeka m'zala, yakuda bii. Mukapeza zotero, kusintha bushi osatseka podonthapo n'kungotaya ndalama, chifukwa yatsopanoyo idzamwanso chimodzimodzi. Tsukani kunsiko, yendani pang'ono, muone kumene kunyowa kukuyambira.

Ndigule otani? Ogulitsa amati awa ndi orijino, awa a polyurethane, ena akuti andisemera a tayala.

Musanakwere minibasi yopita m'tauni, lembani nambala ya chasisi ndi mtundu wa galimoto monga zalembedwera pakachitsulo ka pachitseko kapena m'chipinda cha injini: KZJ95, KZN185, KUN25, zotero. Kungonena kuti "Prado" kapena "Hilux" m'mashopu a ku Malangalanga kapena ku Biwi sikukwanira, mitundu yake ndi yambiri ndipo mabushi ake safanana. Ngati mwachotsa kale akalewo, nyamulani pamodzi ndi timapaipi tachitsulo ta m'kati mwake, mukayerekeze pakauntala pomwepo: utali, kunenepa, ndi kukula kwa bowo la bauti.

Amphira ochokera kwa wopanga galimoto, kapena kwa kampani ina yodalirika, ndi amene amabweza galimoto mmene inalili. Vuto lake, pamitundu ina wopangayo sagulitsa mabushi onse paokha, amafuna mugule rack yathunthu. Apo m'pamene a polyurethane amathandiza. Amakhala ofiira, achikasu, abuluu kapena akuda, ndi olimba kuposa mphira, oyilo sawadya msanga, ndipo ambiri amabwera ali zidutswa ziwiri zolowetsa ndi manja mbali ndi mbali, osafuna puresi. Mtengo wake mumaulipira m'manja: kunjenjemera kwa msewu wafumbi kumamveka kwambiri pachiwongolero. Kwa galimoto yogwira ntchito kuno, ine ndingasankhe amenewa, bola akhale a kampani yodziwika, osati pulasitiki wopaka mtundu.

Mabushi a kaunjika, ozula pa rack ya galimoto yophwasulidwa, asiyeni. Mphira imakalamba ngakhale ikungokhala, ndipo pozula imakhala yavulala kale.

Za osema kuchokera ku tayala, ndikudziwa luso la anyamata amene amachita zimenezi, ndipo pasipuling'i yakumbuyo apulumutsa ambiri kutchire. Pa rack ayi. Bushi ya rack ili ndi kapaipi kachitsulo pakati, ndipo bauti imamangira pa kapaipiko, osati pamphira. Popanda iko, kapena kakakhala kautali wolakwika, mumangofinya mphira, bauti simanga kufika pamlingo wake, ndipo m'mabampu imayamba kumasuka yokha. Bauti ya chiwongolero ikamasuka, sikukhala kuima pambali n'kuitana makaniko.

Zida zanji zimene ndiyenera kukhala nazo, ndipo ndigwirire pati?

Masoketi ndi masipanala. Pa Toyota mudzagwiritsa kwambiri 12, 14, 17, 19 ndi 22. Chogwirira soketi chachitali, kapena paipi yowonjezera mkono. Torque wrench, ngakhale yobwereka. Bauti yaitali ya mazinga mpaka kumutu, manati ake ndi mawashala okhuthala. Chitsulo chotukulira, pulaya, burashi ya waya, sandipepala, tochi, choko kapena penti, chingwe.

Koma malo ndi amene amaposa zida zonsezi. Prado imalemera pafupifupi matani 2. Pabwalo la pakhomo dothi limaoneka louma pamwamba, koma jeke imatha kumira kapena kupendama, makamaka miyezi ya March ndi April pansi pakadali chinyezi. Funani simenti: khonde la golosale, pansi pa shedi yodindira fodya, kapena dzenje la galaja ngati alipo wokubwerekani. Jeke ndi yokwezera basi, musagone pansi pa galimoto imene yatsamira jeke yokha. Ikani ma axle stand pansi pa chasisi. Akasowa, matabwa okhuthala a mtengo wolimba, ocheka mbali zinayi, ogoneka chopingasa. Njerwa, kaya zootcha kaya mabuloko a simenti, zimaphwanyika mwadzidzidzi osachenjeza. Tayala limene mwachotsa ligonekeni pansi pa chasisi ngati chitetezo chachiwiri, ndipo musanalowe, igwedezeni galimotoyo ndi phewa muone ngati yakhazikika.

Ana auzeni akasewerere kutali, ndipo pakhale munthu wamkulu pafupi nthawi yonse imene muli pansi.

Nanga kumasula kumayambira pati?

Kumayamba dzulo lake. Tsukani matope, palani mazinga ndi burashi, thirani mafuta omasulira dzimbiri pamabauti onse a rack, agone akulowerera. Galimoto imene imawoloka madambo chaka ndi chaka, bauti imagwirana ndi kapaipi ka m'bushi, ndipo kuikakamiza youma n'kuidula.

Tsiku la ntchito, wongolani matayala, chotsani kiyi, mumange chiwongolero ndi lamba wa mpando kapena chingwe kuti chisazungulire. Chotsani chitsulo chotchinga injini kunsi. Jambulani ndi foni mbali zonse musanakhudze kanthu. Madzulo mutatopa simudzakumbuka kuti washala wamkulu anali mbali iti.

Pa Prado 90 ndi Surf 185 rack ili kumbuyo kwa chitsulo chopingasa cha chasisi, ndipo yagwidwa malo atatu: bauti yaitali yogona kumbali ya dalaivala, bauti yoimirira chapakati, ndi chibangili chachitsulo chokumbatira mphira kumbali inayo. Kawirikawiri stabilizer imatchinga, ndiye mumasula zogwirira zake kuti isunthe. Masulaninso timabauti ta zogwirira mapaipi a power steering, kuti mapaipiwo atsatire rack popanda kupindika. Mukamasula malo atatu aja, rack imakokeka pang'ono chakumbuyo, mpata wongokwanira kutulutsa mabushi. Ikakana, masulani tie rod end imodzi. Musailole ilendewere pamapaipi. Imangeni ndi chingwe ku chasisi.

Pa Vigo ndi Prado 120 rack ili chakutsogolo, yagwidwa ndi mabauti awiri aatali, ndipo mabushi ake ndi okanikiza. Mpata ndi wochepa, ndipo nthawi zina ntchito imaphweka mukaitulutsa rack yonse. Zikafika apo mudzamasula mapaipi ndi ndodo yochokera kuchiwongolero. Ikani chizindikiro cha penti pamene ndodoyo yalumikizana ndi rack musanazilekanitse, ndipo chiwongolero chikhalebe chomanga. Kuseri kwake kuli clock spring, kalamba ka mawaya kokulungika kamene kamapereka magetsi ku hutala ndi airbag. Mwana akangobwera n'kuchizunguza chiwongolero chili chomasuka, kalambako kamaduka, ndipo kugula kwake kumaposa mabushi onse.

Bushi yakale yakana kutuluka. Ndiiotche?

Ayi. Pafupi pomwepo pali masilo a rack, mabuti, ndi mafuta amene amayaka. Nyundo nayonso isamale, chifukwa mbali ina ya thupi la rack imakhala ya aluminiyamu, imasweka m'malo mopindika.

Pangani puresi yanu. Lowetsani bauti yaitali ija m'bowo la bushi. Mbali imodzi ikani soketi yaing'ono pang'ono kuposa bushi, yoti iikankhe. Mbali inayo ikani soketi yaikulu kapena kachidutswa ka paipi kokhala pakhutu la rack, koti bushi igweremo. Washala uku, washala uku, girizi pamazinga, n'kumamanga nati pang'onopang'ono. Imayamba ndi kulira kuti tha, kenako imatsetsereka. Ngati ili ndi mlomo wotambalala umene ukutchinga soketi, udulireni ndi mpeni kaye. Ikaumirirabe, boolani mphirayo malo angapo ndi dirilo, tulutsani kapaipi ka pakati, ndipo ngati kunja kuli chikhokho chachitsulo, chichekeni kuchokera m'kati ndi mpeni wa hakiso, mosamala osafika pa rack. Chikangodulika chimafooka n'kutuluka.

Polowetsa atsopano ndisamale chiyani?

Palani bowolo ndi sandipepala mpaka dzimbiri ndi zotsalira za mphira zithe. Amphira alowetseni ndi madzi a sopo, osati oyilo kapena girizi wamba, pachifukwa chomwe chija. A polyurethane amabwera ndi kapaketi ka girizi wakewake. Pakani ameneyo pabushi ndi pakapaipi. Mphira ya m'chibangili ili ndi mbali yake yoyang'ana ku chasisi, yerekezani ndi chithunzi chija.

Lowetsani mabauti onse ndi manja, aliyense agwire mazinga angapo, musanamange ngakhale imodzi. Mukamanga yoyamba mpaka kumapeto, mabowo enawo sakumananso, ndipo munthu amayamba kumenya bauti ndi nyundo n'kuwononga mazinga. Mabushi atsopano ndi onenepa kuposa akutha aja, ndiye chitsulo chotukulira chidzakuthandizani kusuntha rack kuti bowo lipenyane ndi linzake.

Mlingo womangira uli m'buku la galimoto yanu, ndipo umasiyana mtundu ndi mtundu. Pa Prado 90 ndi Surf 185 mabauti akuluakulu a rack amapitirira 150 Nm, kuposa manati a tayala. Kumanga ndi sipanala yaifupi mpaka mkono utatopa sikufika pamenepo, ndipo kudumphira papaipi kumapitirira. Bauti imene yadyeka ndi dzimbiri pathupi kapena yatambasuka mazinga, gulani ina yamphamvu yofanana, osati ya m'hadiweya yomangira geti. Ngati munamasula tie rod end, ikani split pin yatsopano. Msomali wopinda timauona kwambiri pamenepo, koma sukwana bwino m'bowo, umasewera mpaka kuduka.

Bwererani pansi mukayenda ulendo woyamba wa msewu wafumbi, muyesenso mabauti onse.

Popeza sindinakhudze zosinthira, alayimenti ndiyofunikabe?

Inde, kapimitseni. Rack yabwerera pamalo ake enieni, pamene kale inali itapendekera kumene mabushi akutha anailola. Ngati alayimenti yomaliza inachitika mabushi ali otha, inapimidwa pachinthu chosakhazikika. Chizindikiro choyamba n'chakuti chiwongolero chimakhala chopenda pang'ono galimoto ikuyenda mowongoka. Musachizule n'kuchibwezera pakati, konzani ku ma tie rod, mbali zonse mofanana, pamakina.

Musanapite m'tauni, yesani kaye pabwalo la mpira kapena pamsewu wopanda anthu, pang'onopang'ono, kukhota mpaka kumapeto uku ndi uku, kumvetsera ngati pali chokhula. Onani mlingo wa mafuta a power steering. Toyota zambiri za mitundu tatchulayi zimafuna ATF ya Dexron, zalembedwa pachivindikiro. Brake fluid musaithiremo, imawononga masilo. Ngati munamasula mapaipi, kwezani matayala akutsogolo, potozani chiwongolero mbali ndi mbali kangapo injini ili yozima, onjezerani mafuta, kenako mulize injini n'kubwereza mpaka thovu lithe ndipo pampu isiye kulira. Kuchokera ku Mitundu kudzera msewu wa Bunda, kapena kuchokera ku Nathenje pa M1, ulendo wofika pamakina a alayimenti ndi waufupi, sudya matayala. Kuzengereza mpaka nyengo yokolola ithe ndi kumene kumawadya. Ndipo ngati COF yayandikira, kusewera kwa chiwongolero n'chimodzi mwa zimene oyeza galimoto amayang'ana.

Ndasintha, koma kugogoda kukadalipo. Tsopano?

Bwerezani kuyesa kwa anthu awiri kuja. Ngati thupi la rack laima nji, ma rack end ndi ma tie rod end ali bwino, koma chiwongolero chikuyendabe kaye matayala asanamve, onani kamfundo kopingasa ka pandodo yotsika kuchokera kuchiwongolero. Kakakhala bwino, kusewera kuli m'kati mwa rack momwe. Masulani chomangira buti n'kusuzumira. Mukakhala mafuta ofiira, silo yam'kati yatha. Mukakhala madzi amatope ndi dzimbiri pandodo, buti linang'ambika kalekale ndipo Diamphwe analowamo. Silo yatsopano singakhalitse pandodo yokumbika ndi dzimbiri. Pa rack pali chinati chachikulu chofinyira ndodo ku kagiya, ndipo ena amachimanga kuti aphe phokoso. Chikapitirira, chiwongolero chimauma ndipo sichibwerera chokha mukamaliza kukhota, zimene n'zoopsa kuposa kugogoda. Imeneyo ndi ntchito ya makaniko wodziwa ma rack.

Mukafika pogula rack ina ya kaunjika, iikeni pansi pafupi ndi yanu musanalipire. Kuno chiwongolero chili kumanja, monga ku Japan ndi ku South Africa, koma m'makontena ochokera ku Dubai mumatha kusakanikira zida za galimoto za chiwongolero chakumanzere, ndipo rack yotero singalowe m'galimoto yanu ngakhale mtundu uli womwewo. Onani kuti kagiya kali mbali yomwe kali pa yanuyo, zungulizani ndi pulaya kuchokera kumapeto mpaka kumapeto mumve ngati pali pamene ikugwira, vulani mabuti muone ndodo, ndipo mugwirizane ndi wogulitsa za kubweza ikapezeka kuti ikudontha. Mabushi amene yabwera nawo achotseni, muikemo atsopano rack ikadali pansi, pamene kulowetsa kwake n'kosavuta.